Mluzu wa a Zakeyo pa Nyimbo Yachitatu

Lolemba

Aliyense amene anaikapo m'bale wake amaopa chinthu chimodzi: kudzaiwala mawu ake. Nkhope ili pa chithunzi, nanga mawu? Nkhawa imeneyi yawagwira alamu anga, Amake Tisa. Loweruka tikuvundukula mwala pamanda a akulu anga a Zakeyo, ndipo ine ndalonjeza kuti tsiku limenelo adzawamva amuna awo.

Si zamatsenga. Ndifotokoze. Zaka zapitazo a Chimphepo, mdala wa gitala uja wa masiku a mathalauza otambalala kumapazi, anaimba mu holo m'tauni, nyimbozo n'kuzijambula anthu ali momwemo. A Zakeyo ankauza komboni yonse ya Matero kuti analipo, ndi kuti mluzu wa pa nyimbo yachitatu ndi wawo. Iwiri yaifupi, umodzi wautali, monga ankaitanira nkhunda zawo.

Zofunika:
sidii (ilipo, yokalika pang'ono)
wailesi ya mabatire
kope ndi wotchi

Ndaupeza. Mphindi ziwiri ndi masekondi khumi: mluzu, nthungululu ya mayi wina, kenako munthu akutsokomola. Ntchito yatha Lolemba lomwe. Sindinaphunzitse sayansi pachabe.

Lachiwiri

Ndalakwa ndekha, ndapita ndi wailesi kometetsa. Ba Mulenga, ometa, aimitsa makina pakati pa mutu wanga. "Ba Ticha, uyo mluzu ni wanga. Nenze kumbuyo, pafupi na chitseko."

Ndawapempha aimbe. Ukufanana. Bambo wina wodikira pa benchi, amene dzina la a Chimphepo walimva lero, wayesanso. Nawonso ukufanana.

Ndabwerera ndi mafunso, ndi mutu wopendekera kumanzere.

Lachitatu

Magetsi kulibe, mabatire alipo. Ndikumvetsera chimbale chonse, kope pamwendo.

Nyimbo yachitatu: mluzu, nthungululu, chifuwa.
Yachisanu: mluzu, nthungululu, chifuwa.
Yachisanu ndi chiwiri: chimodzimodzi.
Yomaliza: kawiri.

Ndifotokoze chimene chikundivuta. Munthu atha kuimba mluzu kasanu. Mayi atha kululuta kasanu. Koma palibe munthu amatsokomola kasanu mofanana, sekondi yomweyo, pambuyo pa mayi yemweyo. Chifuwa chilibe ndondomeko.

Akazi anga ali kukhitchini: "Mwamvela kangati ico cinthu? Na ine nayamba kukhosomola."

Amake Tisa aimba foni. Auza kale abale a ku Petauke kuti adzamva mawu a malemu. Akwera basi Lachisanu.

Lachinayi

Ndapita ku Lilanda kukafunsa mwini wake. A Chimphepo tsopano amaweta nkhuku, ndipo amamva ndi khutu limodzi. Ndakhala kumbali yolakwika mphindi khumi ndikufotokoza, iwo akungogwedeza mutu. Ndasamuka, ndayambiranso.

Aseka mpaka nkhuku kubalalika. "Ba Ticha, ija siku malaiti yanayenda. Jenereta yenze kulila kupambana bantu. Magitala tinatengela pa waya, koma bantu sibanamveke olo umozi."

Nanga m'manja muja, mluzu uja?

"Wa ku situdiyo enze na tepu ya ukwati winangu ku Chawama. Anadulako kachidutswa, anamatika paliponse."

Ukwati wa yani? Sadziwa. Wa ku situdiyo uja anamwalira. A Chimphepo andipatsa mazira asanu ndi limodzi, asaina sidii yanga pamene panali mndandanda wa nyimbo.

Ndikulemba pang'onopang'ono kuti ndimvetse ndekha. Amene anali mu holo mulibe m'chimbale. Amene ali m'chimbale sanali mu holo. A Zakeyo ali mbali iti? Ngati ananena zoona, mulibe.

Dzira limodzi laphwanyika mu minibasi.

Lachisanu

Kwatsala mboni imodzi: nkhunda za malemu, zidakali padenga kwa alamu. Nkhunda sinama ndipo simeta anthu.

Kuyesa koyamba, mluzu: zatsika zonse. Mtima m'malo!
Kuyesa kwachiwiri, ng'oma zokha, pofuna kutsimikiza: zatsikanso.
Kachitatu, wailesi yozimitsa: zatsika, imodzi n'kutera pa kope.

Ndacheuka. Amake Tisa aima kumbuyo kwanga nthawi yonseyi ndi mbale ya misere.

Ndimati ndiwauze za jenereta. Ndawapeza akusita chitenje cha mawa, akung'ung'udza nyimbo yachitatu. Ndafunsa za malasha, ndatuluka.

A ku Petauke afika, asanu ndi anayi. Amalume afunsa ngati malemu adzalankhula nthawi yaitali, kuti adziwe ngati atenge mpando.

Loweruka

Nsalu yachotsedwa pamwala. Abusa apemphera. Onse atembenukira kwa ine ndi wailesi yanga.

"Ndisanayatse, ndifotokoze kaye mmene jenereta imagwirira..."

Amalume: "Yatsani chabe, aphunzitsi, dzuwa ili."

Ndayatsa. Mluzu, nthungululu, chifuwa. Ndikuyang'ana nsapato zanga.

Amake Tisa: "Bwezelani."

Ndabwezera.

Amake Tisa apukusa mutu. "Uyo mluzu si wawo. Ku konsati sibanayende, benze gone na malungo. Nenze kubasiya chabe bakambe, vinali kubakondweletsa." A ku Petauke ayang'anizana. Ine ndikufuna nthaka itseguke, koma yatsekedwa kale ndi simenti.

"Koma uko kukhosomola ni kwawo. Zaka zonse nagona pafupi na ico cifuba, ningaciphonye?"

Ndafunsa motsitsa ngati malemu anapitako ku ukwati wina ku Chawama.

"Ba mulamu, ni ukwati uti wamene sibanayendeko? Olo osaitanidwa."

Akuseka, misozi ikutsika. Atiuza tiike malo onse asanu. Anthu makumi angapo, m'masuti ndi zitenje zofanana, taima pamanda kumvetsera munthu akutsokomola. Pa kachisanu amalume avula chipewa: "Ni yeve. Fodya uja tinamuletsa."

Lamlungu

Zimene ndikudziwa: mluzu ulibe mwini. Ukwati ulibe dzina. Nkhunda zimatsata misere.

Zimene sindikudziwa: zina zonse.

Potuluka m'tchalitchi ba Mulenga andikoka jekete. Ati aganiza bwino, mluzu si wawo, koma chifuwacho n'chawo.

Wailesi yatsala kwa alamu. Tisa akuti amayi ake amadumpha magitala onse, amangodikira pamene nyimbo ithera. Lonjezo ndakwaniritsa, ngakhale sindingathe kufotokoza kuti bwanji, ndipo kwa ine zimenezi n'zachilendo. Kope ndatseka.

Amene mudzatole kope ili, ngati chimbalecho muli nacho, tayesani tsiku lina. Nyimbo yachitatu, mphindi ziwiri ndi masekondi khumi. Gitala musiyeni. Mvetserani anthu akumbuyowo, mwina wanu alimonso.