Nyama ya Ng'ombe Yokoka Ngolo

Njinga ija sindinakhale nayo nthawi yaitali. Inapita chifukwa cha nyama. Ndifotokoza mwachidule, poti sindine munthu wa mawu ambiri.

Matipate atangobwera, chilichonse chinali cha mavoti. Kwathu kuno, m'munsi mwa mapiri a ku Ntchisi, kunafika mlangizi wa zankhalango, Mayi Chisale, kuti tisankhe komiti ya mitengo. Wapampando ankayenera kulandira njinga. Yatsopano, ya belu.

Mayiwo anayamba ndi kutiphunzitsa. Anati dziko likutentha, ndipo ng'ombe nayo ili ndi mlandu.

"Ikageya imatulutsa mpweya woipa umene umakatsekera kutentha kumwambaku," anatero. "Kuti ipeze msipu, mumatentha tchire. Kuti nyama yake ipse, mumagwetsa mitengo. Mbale imodzi ya nyama imawononga kuposa mphika wonse wa nyemba."

Anthu anaseka za kugeyazo. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana njinga.

Itakwana nthawi ya kampeni, anzanga analankhula mpaka thovu kukamwa. Ine ndinangoima n'kuti, "Mukandisankha, nyama ya ng'ombe ndasiya." (Masiku amenewo aliyense ankalonjeza. A pawailesi ankalonjeza zazikulu kuposa pamenepa.) Anthu anafola kumbuyo kwanga, mzere mpaka pamjigo. Mkazi wanga Nabanda anafola pomalizira, akupukusa mutu.

Ndinapirira milungu isanu. Nyemba, khobwe, nyemba. Kenako Loweruka lina m'mawa ndinapalasa njinga ya komiti kupita ku Malomo. Pabutchala pankalendewera mwendo wa ng'ombe. Ndinaima.

"Apampando, si inu munasiya?" anafunsa wabutchala.

"Ndi ya agalu."

"Agalu anu amadya bwino. Koma ndikuuzenitu, iyi inali yokoka ngolo. Yakalambira pagoli."

"Dulani."

Kunyumba sindikanaphika. Ndinaba poto wa Nabanda n'kukasonkha moto kumunda, kuseri kwa chigafa changa cha fodya. Pafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje, ndi pamene panali nazale ya komiti.

Ndinayamba ndi zitsononkho. Zinatha. Nditalawa, nyama ngati tayala. Ndinaika mapesi, ndi mpini wa khasu womwe. Dzuwa linafika pamutu. Tayala lomwe lija. Nkhuni zinali zitatha, koma njala ayi.

Apa ndi pamene ndinayang'ana shedi ya nazale. Ndinati mtengo umodzi sadziwa. Ndinazula umodzi. Kenako wina. Nditazula wachinayi, denga linagwa lokha, ndiye ndinati udzuwu usawonongeke, ndinauponyanso pamoto. Unali wonyowa. Utsi unakwera wakuda bii, woti ngakhale a ku Dowa anauona.

(Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Madzulo a tsikulo kunali kuthirira mbande. Amene anaitanitsa anthu ndinali ine.)

"Chigafa chapsa! Fodya wa apampando!"

Mudzi wonse unatsika ukuthamanga, ndowa zili kumutu kale. Woyamba kufika anali Nabanda. Sanaone kuti moto uli pati, ine ndili pati. Ndowa yonse, khuthu! Ena anatsatira.

Utsi utatha, ndinapezeka nditakhala pamwala, chipande m'manja, madzi akuchucha m'ndevu. Fodya ali bwinobwino. Shedi palibe. Mbande zili padzuwa.

"Abambo," anatero Nabanda, "potoyo ndakhala ndikumufuna kuyambira m'mawa."

Mayi Chisale anavundukula, n'kusuzumira.

"Apampando, nyemba zanuzi zili ndi mafupa."

Anthu anagwa nako kuseka. Ena anakhala pansi.

"Mwawotcha mitengo ingati?" anafunsa Mayi Chisale.

"Inayi."

"Ndi denga?"

"Ndi denga."

"Nanga nyama yapsa?"

"Ayi."

"Mwaonatu," anatero mayiwo potembenukira kwa anthu. "Zimene ndinaphunzitsa tsiku lija simunamve. Apampando akuonetsani ndi maso."

Anthu anandiombera m'manja. Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka. Koma wina anakuwa kuti, "Ndi matipate ano, tivotenso!" Anavota pomwepo, paphulusa. Anafola kumbuyo kwa Nabanda, mzere mpaka kumtsinje. Ine ndinafola pomalizira, ndikupukusa mutu.

Shedi ndinamanganso ndekha, ndipo anandilamula kubzala mitengo kuzungulira chigafa. Ilipo mpaka lero, ndimakhala pamthunzi pake.

Njinga inapita kwa wapampando watsopano. Mwayi wake, Nabanda sadziwa kupalasa. Ndinkapalasa ndine, iye ali pakaliyala, mpango uli mbee. Tikamadutsa pabutchala Nabanda ankati, "Abambo, imbani belu, ndipo yang'anani kutsogolo."

Nyama ija anadya agalu. Nawonso inawatengera masiku awiri. Choncho wabutchala sindinamunamize.

Zoti ng'ombe imatenthetsa dziko ndinavomereza. Ndinaziona ndekha. Masiku ano ndimadya mwa apo ndi apo, ndipo ndisananene kuti dulani, ndimafunsa kaye ngati inakokapo ngolo.