Phazi Lomwe Silinalowe M'chithunzi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Teratak Nyiur Kasih,
Ipoh.

Olemekezeka Bwana,

Pepani kuti ndakusokonezani. Ine ndine Rosnah, mchemwali wake wa Hafizi, amene amakhala mu imodzi ya nyumba zanu zija munthu wolumala amakhalamo payekha, antchito anu n'kumabwera kudzamuthandiza. Hafizi ndi bambo wa zaka makumi anayi, koma nzeru zake zinatsalira ku ubwana, ndiponso ali ndi matenda a shuga. Sukulu ine ndinalekezera ku pulayimale, ndiye kalatayi ndailemba kangapo poopa kukulakwirani. Cholinga changa ndi kuthokoza basi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha zithunzi. M'mawa uliwonse foni yanga imalira, n'kuona Hafizi akumwetulira, mbale ya mpunga wonona wa nasi lemak patsogolo, tiyi wamkaka wotsekemera m'manja. Ojambula anu onse anaphunzira mofanana: amayambira pachifuwa kupita kumwamba. Anzanga kuntchito yosita zovala, amene amanditchula Kak, kutanthauza achemwali, ankati, "Kak Ros, mlongo wakoyu akudya bwino kutiposa. Atilembeko nafenso!"

Chachiwiri, zikomo kuti mlongo wanga wadziwana ndi anthu ambiri. Sabata iliyonse kumabwera nkhope yatsopano. N'zomveka kuti munthu wongoyamba dzulo sangadziwe kuti chibadwire Hafizi sanapondepo m'nyumba ndi nsapato. Malemu mayi athu anamuphunzitsa kuvula pakhomo n'kuzifoletsa bwinobwino. Ngakhale za alendo amazitembenuza kuti ziyang'ane kunja. Dzina la msewu wake amaliiwala, koma izi ayi.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndagoma, zikomo chifukwa cha ufulu. Nditapita kukamuona ndinapeza pakhomo pali nsapato imodzi, yakumanzere. Inayo inali kuphazi, iye ali chigonere pabedi. Fungo ndinalimvera pakhomo pomwe. Ndinati, "Iwe Fizi, nsapato pabedi? Mayi akanakuona!" Iye anati, "Yakana kutuluka, Kak. Usawauze antchitowa, andikalipira." Ngakhale kumzikiti anali atasiya kupita, poti kumeneko nsapato sizilowa.

Ndinawaimbira a Puan Norlia, mayi woyang'anira antchito anu. Anandiyankha mwaulemu wonse: "Puan Rosnah, ino ndi nyumba yake, si chipatala. Tinamufunsa ngati akufuna kuvula, iye anati ayi. Ife sitikakamiza munthu." Ndinachita manyazi ndi umbuli wanga. Ine ndinkayesa kuti munthu akamati ayi uku akutsimphina, umagwada n'kuyang'ana. Sindinkadziwa kuti kugwada kumaphwanya ufulu.

Hafizi akuti oyendera nyumba zosamalira anthu, aja anakupatsani nyenyezi zonse poyamikira ntchito yanu, anafikanso kwake. Ndi anthu oleredwa bwino. Anavula nsapato zawo pakhomo, n'kuziika pafupi ndi imodzi ija.

Kuchipatala nsapatoyo anachita kuidula ndi sizasi. Zala ziwiri zapita. Za mbali yotsala ya phazilo adokotala akuti tidikire, balalo silinaonetse kolowera. Mwini wake sakudandaula za zala. Akungondifunsa kuti nsapato yatsala yokha pakhomo ija aifoletsa ndi iti.

Sindikupempha kuti wina achotsedwe ntchito, pakuti pofika Lolemba adzakhala atachoka kale okha. Hafizi akatuluka m'chipatala abwerera kwa inu, chifukwa ine ndimakhala m'kachipinda kamodzi kalendi, ndipo ndilibe kwina komuika. Ndiye pempho langa ndi laling'ono, silifuna wantchito wowonjezera kapena maphunziro atsopano. Ngati sizikuphwanya malamulo anu, chonde uzani wojambula aziyamba wabwerera m'mbuyo pang'ono, kuti phazi nalo lizilowa m'chithunzi likadalipo.

Ine wanu wosaphunzira koma woyamikira,

Rosnah binti Daud