Chiswe cha kwa Esinati

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti ku Lirangwe amaifotokoza mokometsera, bola muimve kwa mwiniwakene.

Zinali zaka za m'ma 80, nthawi ija munthu sunkayenda wopanda khadi ya chipani m'thumba. Ine ndinali mlangizi wa zaulimi ku Chileka, ndipo ndinkafunsira Esinati, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni ku Lirangwe. Mkazi wanzeru, wolankhula mofatsa, woti akamafotokoza chinthu umachiona ndi maso.

Tsiku lina anandiuza kuti, "A Chikopa, Loweruka masana mubwere kunyumba. Chiswe chativuta, tikusowa munthu wachinayi."

Mwayi woonetsa ukatswiri ndi umenewu! Sindinafunse zambiri. Ndinasungunula mankhwala, kumangirira pampu yopopera thonje pakaliyala ya njinga, ulendo wa ku Lirangwe.

Nditafika pakhonde ndinamva mawu a Esinati mkati, otsika, oopsa.

"Chatuluka pansi ngati madzi osefukira. Chitseko chadyeka. Mitanda ya denga ikulira."

"Ndithawire pawindo," anatero a Wayisoni, achimwene ake a Esinati.

"Mwachedwa, achimwene. Chadya kale uta wanu. Tsopano chikukwera mwendo wa a Yusufu."

A Yusufu, telala wa pamsika, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anabuula ngati alumidwadi. "Mayo, ndithandizeni abale!"

Ndinabereka pampu, kumenya chitseko ndi phewa, n'kulowa ndikupopa kale.

"Musaope, ndafika! Chili pati?"

Onse atatu anali atakhala bwinobwino patebulo. A Yusufu, pakamwa yasa, analoza pakati pa tebulopo. Ndinaona tizilombo mbwee papepala lojambulidwa mizere, tina titadzaza mbale pambali. Sindinaganize kawiri. Ndinapopera pepala, mbale, ndi mwendo wa a Yusufu womwe, for safety.



"A Chikopa," anatero a Wayisoni akutsokomola, "izo ndi ngumbi zokazinga."

Anali masewero. Esinati anawaphunzira kwa mzungu wina amene ankaphunzitsa naye. Mmodzi amasimba nkhani, enawo amakhala ankhondo a m'nkhanimo, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati wapulumuka kapena ayi. Mzunguyo ankaika zinjoka zolavula moto, koma Esinati anati munthu wa ku Lirangwe saopa chinthu chimene sanachionepo ngati mmene amaopera chiswe. Ndiye anapanga chilombo chakechake, chiswe cha mfiti chodya mikondo ndi zishango. Ngumbi zinkaimira chilombocho papepala. Ukapha gulu limodzi, umadya.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ukwati ndinauona ukuuluka.

Esinati sanaseke, sanakalipe. Anatsegula mawindo, natuma a Yusufu kukasamba mwendo. Titakhala pakhonde anatola dayisi, kulipukuta ndi chitenje, kuliponya pamkeka. Analiyang'ana kanthawi, n'kubwerera ku mawu ake oopsa aja ngati palibe chachitika.

"Mwadzidzidzi patulukira mlendo, chigubu kumsana. Wapha chiswe chonse ndi mpweya umodzi. Mudzi wapulumuka."

Ndinayamba kumwetulira.

"Koma mudziwo ugona ndi njala, poti ngwaziyo yaphanso ndiwo," anamaliza Esinati.

A Yusufu anaseka mpaka kofia inagwa.

Mkazi wanzeru akakuitanirani nkhondo, yambani mwafunsa kuti mubwere ndi chida chanji.