Mwasowatu, Ndine Lawford

Inu, munthu akasiya ntchito ya kubanki n'kuyamba kunena kuti tsogolo lili m'foni, muzimuyang'anitsitsa. A Lawford a ku Area 10 anachita zimenezo. Anavula tayi, n'kuchita lendi kachipinda ku City Centre, n'kupangitsa apu yogulitsira ndiwo zamasamba yotchedwa Dengu. Ukadina pafoni, tomato ndi mpiru zikupeza pageti.

Kuti anthu achuluke, a Lawford ankaika okha apuyo m'foni ya aliyense: abale a ku Mitundu, amayi a kutchalitchi, alonda a mumsewu mwawo. Ukawapatsa foni kuti akujambule chithunzi, inkabwerera ili ndi Dengu.

Koma kuika n'kwina, kutsegula n'kwina. Anthu sankabwererako. Masamba ankangofota m'galaja, mpaka akazi awo, a Sellah, aphunzitsi osakonda kubwereza mawu, anadula mlandu.

"Bambo a Thoko, mwezi uno ukatha anthu asakugula, mukayamba ntchito kwa achimwene."

Achimwene awowo ndi a Gladson, eni shopu ya hadiweya ku Old Town, amene kuyambira tsiku la ukwati amati mlamu wawo ali ndi manja ofewa ngati buledi. A Lawford akaganiza zoima kuseri kwa kauntala, a Gladson akuwaloza kuti "alamu, kasitomala uyo", tulo tinkawathawa.

Mayankho, mtsikana amene anapanga apuyo, ndiye anabwera ndi nzeru.

"Bwana, tiike manotifikeshoni. Timauthenga tija timangotulukira pafoni ngakhale munthu asanatsegule apu. Tatifupi: 'Tomato watsika mtengo.' Basi."

"Tomato? Iwe, unaleredwa kuti? Munthu wamkulu umayamba kumuuza za tomato usanamufunse mmene wadzukira? Ndilemba ndekha."

Analembadi: "Mwadzuka bwanji? Mwasowatu. Kuno tikukuganizirani, tabwerani mudzationeko. Ndine Lawford."

"Bwana, simunatchulemo masamba."

"Malonda ndi ubale, mwana iwe. Tumiza."

M'mawa mwake a Yunusu, mlonda wa pageti, anagogoda pazenera. Panja panali amalume awo a Lawford, a Benedicto, atavala jekete la kuukwati, nkhuku ili m'khwapa.

"Amalume, kwagwanji?"

"Undifunsa ine? Iweyo ndi amene wandisowa. Ana anga obereka ndekha sanandilemberepo mawu okoma chonchi. Chikwama ndiike chipinda chiti?"

Tamverani inu, sanathe n'komwe tiyi wa amalume, geti linaliranso. Asuweni, apongozi a asuweni, munthu wina amene anakhala nawo benchi imodzi ku pulayimale. Aliyense foni m'manja ngati kalata ya kukhoti: mwaitana, tabwera. Ndipo woitanidwa sabwerera ndi njala, sabwereranso wapansi. A Lawford, amene shuga amamuyeza ndi maso, anaona paketi ikugwa ngati khoma la dothi nthawi ya dzinja.

Munthu wina akanalekera pomwepo. A Lawford anati vuto ndi loti uthengawo unali wofewa kwambiri, n'kulemba wina wopita kwa onse amene sanatsegulebe apu: "Kodi tinakulakwirani chiyani? Ena abwera, inu ayi. Ndine Lawford."

Umenewu unadzutsa azakhali awo, a Jenifa, amene anasiya kulankhula nawo kalekale pa nkhani ya munda, koma uthengawo anauona m'foni ya mwana wawo. Anafika ndi mboni ziwiri, n'kukhala pamphasa pakhonde.

"Poti wafunsa wekha, mwana wa achimwene, ndikuuza. Tiyambire chaka chimene unabadwa."

Mlanduwo unadya Loweruka lonse ndi nkhuku ija ya amalume.

Lachisanu lomaliza la mwezi linafika tomato atagulidwa ndi anthu owerengeka, mmodzi mwa iwo Mayankho yemwe poyesa apu. Mtsikanayo anati mapulogalamu ena amafulumizitsa anthu powauza kuti mtengo wotsika ukutha lero. A Lawford anakoka mpando.

"Kwatsala maola ochepa. Amene achedwe adzanong'oneza bondo. Ndine Lawford."

"Bwana, chonde, onjezani kuti ndi mtengo wa tomato."

"Ukanena zonse sabwera. Munthu umamusiya ndi chidwi."

Uthenga utangopita, foni yawo inayamba kulira osapuma. Iwo anati awa ndi abale ofuna ndalama ya minibasi, n'kuithimitsa. A Sellah tsikulo ankayang'anira mayeso, foni ili m'kabati ya ahedi. Ndiye ganizirani: munthu walemba yekha kuti kwatsala maola ochepa, foni yake yazima, ya mkazi wake sikuyankhidwa. Ku Kawale anati a Lawford adwala. Nkhani pofika ku Area 25 anali atagonekedwa. Ku Mitundu inafika atatsamira kale mkono.

Madzulo a Lawford akukhota kulowa mumsewu wa kwawo anaona nthambi zitayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Anachepetsa liwiro, n'kuzimitsa wailesi monga munthu woleredwa bwino. Mumtima anati kaya ndi ndani mwa aneba, ndipo kaya pamaliropo akagula kuti masamba. Koma nthambi zinathera pageti pawo. Mkati amayi ankaimba nyimbo yachisoni, abambo ali ndondondo m'mbali mwa mpanda.

Anatsitsa galasi. "A Yunusu, watisiya ndani?"

A Yunusu anavula chipewa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. "Akuti inuyo, bwana."

"Si inu munanditsegulira geti m'mawa?"

"Ndinatsegula, bwana. Koma anthu onsewa sangabwere chabe. Ndimati mwina zachitikira kutauni."

Atatuluka m'galimoto nyimbo inadukira pakati. Mayi wina amene ankalira mokweza kuposa onse anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ngati waberedwa. Amalume Benedicto, amene anali atakhala kale pampando wa mwini mbumba akugawa ntchito, anadzuka pang'onopang'ono.

"Mphwanga, zoterezi umayamba wauza akuluakulu. Anyamata kumudzi ayamba kale kukumba."

Kuseri kwa nyumba utsi unali tolo. Galaja inali yotsegula, mabokosi onse a tomato, anyezi ndi mpiru ali mbee, poti olira sagona ndi njala. Paja akulu anati walira mvula walira matope, koma sananene kuti matopewo amabwera pa lole.

A Sellah anafika nthawi yomweyo. Amayi anathamanga kukawagwira kuti asagwe, kenako anakumbukira kuti palibe chogwera, n'kuwasiya. A Sellah anayang'ana khamulo, anayang'ana amuna awo. Kumbuyo kwawo kunatulukira Mayankho pa kabaza, laputopu ili pachifuwa, nkhope ikuwala.

"Bwana, aliyense watsegula apu lero. Aliyense. Ena kangapo."

A Lawford anawongola khosi. "Mwamva, mayi a Thoko? Ndinanena kuti abwerera."

"Ndikuwaona," anatero a Sellah. "Agula angati?"

Mayankho anayang'ana pa laputopu nthawi yaitali kuposa mmene funsolo linkafunira. "Kugula sanagule, mayi."

"Adya," anathandizira a Yunusu.

Pamenepo m'gulu la abambo munadzuka munthu wa suti yakuda, maso ofiira ndithu, poti analiradi. Anali a Gladson. Anawagwira a Lawford dzanja kwa nthawi, kenako anatulutsa kapepala kolemera m'thumba n'kuwaikira m'manja.

"Alamu, ndinabweretsa misomali ya bokosi, yaulere, yabwino kwambiri mu shopu monse. Poti muli moyo, mudzaibweze nokha Lolemba m'mawa. Mudziwiretu shelefu yake."