Jombo Zanga ndi Bwato la Alamu

Lolemba
Zatheka! Loweruka ndilimbana ndi alamu a Zuze, mwamuna wa mlongo wanga, msodzi wa kudambo. Iwo ndi kugwetsana kwawo kwa makolo, ine ndi nkhonya zachizungu zomwe ndabwera nazo kunkhondo ya Jeremani. Kumeneko ndinali womasulira, koma asilikali akamaponyerana nkhonya ndinkawagwirira ndowa, ndiye ndinaonera pafupi kwambiri.
Tabetcherana. Ndikagwa, jombo zanga n'zawo. Akagwa, bwato lawo n'langa. Kupalasa sinditha, koma imeneyo n'nkhani ina. Jombo m'mudzi muno ndi zanga zokha, moti ndikamadutsa pamsika wa thonje anthu amandipatsa moni akuyang'ana pansi. Ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mlamu wosadziwa zamakono.

Lachiwiri
Kukonzekera. Thumba la thonje ndalimangirira pamtengo wa masawu. Zotsatira: thumba lang'ambika, minga m'chigongono, thonje mbwee pabwalo. Mkazi wanga akutola. Koma nkhonya ilipo!

Lachitatu
Mlongo wanga wabwera ndi mlamba wowamba. "Achimwene, mukandithyolera mphuno mwamunayo, ana muwadyetsa ndinu." Malume nawo akuti kuno mlamu ukamutulutsa magazi, umalipira mbuzi. Mbuzi ndilibe.
Moletsedwa: mphuno, pakamwa, maso.
Motsala: phewa, chifuwa.
Mlambawo koma kukoma. Wougwira ndi yemweyo ndikufuna kumulanda bwato.

Lachinayi
Kukazonda kudoko. Dzuwa ngati lakwiyira ine ndekha. Alamu akugwetsana ndi asodzi anzawo. Sadumphadumpha. Zala zakumapazi akumba nazo mchenga, agwira munthu m'chiuno, mwendo kuseri kwa bondo, phii! Kenako amudzutsa n'kumusansa mchenga. Ndivomere, muli nzeru m'menemo. Kunkhondo wogwa ankangomuthira madzi, ndipo womuthira ndinali ine.
Komabe kuti andigwire ayenera kuyandikira, ndipo manja anga ngatali.

Lachisanu
Tayesana pang'ono kuseri kwa nyumba. Nkhonya imodzi pachifuwa, alamu dzandidzandi! Akuseka: "Pyadidi, zabwino ndithu, mulamu! Chimaluma chimenechi. Wochizemba amatani?" Kukoma kwake kufunsidwa! Ndawaonetsa zonse, kutchinga ndi mikono, kubisa chibwano. Aphunzira msanga. Ndazindikira atapita.
Nawo andilangiza: "Mawa muvule jombo, mchenga wakudoko ngwonyowa." Nzeru zoti andilande zisanayambe n'komwe! Sindivula.

Loweruka
Kudoko, mudzi wonse, ngakhale agalu. Nkhonya yoyamba yagwera pamkono, monga ndinawaphunzitsira. Yachiwiri paphewa, alamu akuti "Mayo!" Anthu akukuwa. Bwato ndikuliona apo, langa. Tsopano kudumphira m'mbuyo ngati asilikali aja. Thupi labwerera, jombo zakana. Zamira mpaka m'kakolo.
Thambo. Ndaliona bwinobwino thambo.
Sanandiponye ayi. Andigoneka ngati khanda, dzanja lawo kunkhongo kwanga kuti ndisamenyetse mutu. Andidzutsa, andisansa mchenga, andithandiza kumasula zingwe za jombo. Njira yobwerera kutentha kwake! Ndinaiwala kuti pansi pamawotcha.

Lamulungu
Msana kuwawa. Kutchalitchi ndapita wapansi ngati aliyense, ndipo lero anthu andiyang'ana kumaso. Ena sanali kundidziwa.
Masana alamu abwera, phewa lotupa, mkono sukukwera. Akuti, "Padothi louma mukanandimaliza, mulamu." Ndayankha kuti dziko lathu lino theka lake ndi matope. Tagwirizana: ine ndiwaphunzitse kuponya, iwo andiphunzitse kuima.
Jombo sizikuwakwana, phazi ngati nkhafi. Andibwezera yakumanja, akuti: "Yokapira madzi m'bwato imodzi ikwana."
Takhuta, alamu, monga mumathokozera kwanu. Khosi lilipo, mbuzi sinalipidwe, mlamba ubwerabe. Jombo imodziyo ndaivalako pang'ono m'nyumba, chitseko chotseka. Mawa kudoko. Zala zakumapazi zili kale panja.