Mabuleki a Lufeyo

Khalani pansi nonse awiri. Ndakuonani mukutsetsereka pamtunda paja ndi njinga mutasiya chiwongolero, ndipo ndamva mukuti mwatengera bambo anu. Mvetserani tsono, pakuti mwambi wina uja unayamba motere.

Ku Thyolo kunali wakabaza wina dzina lake Lufeyo. Agogo ake ankafula njuchi opanda utsi, bambo ake ankawoloka mtsinje utadzaza. Tsiku lina ananyamula mayi Chapola, mlangizi wa zaumoyo, ndipo anathamanga nawo mpaka duku linauluka.

"Achimwene," anatero mayiwo potsika, "muubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa serotonini. Mwa zina mwa ntchito zake, amathandiza munthu kudzigwira, ngati mabuleki. Sagwira ntchito mofanana mwa aliyense, ndipo zina timatengerako kwa makolo. Koma si okhawo amene..."

Lufeyo sanadikire kuti amalize. "Mwamva inu!" anakuwira anzake pasiteji. "Achipatala atsimikiza! Kwathu timabadwa opanda mabuleki. Nanga njinga yanga ikhale nawo chifukwa chiyani?"

Anamasula mabuleki onse awiri n'kuwapachika mumtengo wa mapeyala.

Loweruka lake linali tsiku la chinkhoswe chake ndi Esinala, namwali amene anamufunsira zaka ziwiri. Kwawo kwa mkaziyo kunali pakati pa mtsetse wautali, m'mbali mwa msewu. Lufeyo anakweza malume ake, a Namaona, atavala jekete yobwereka, tambala wokapereka kuchikazi ali m'khwapa.

"Mphwanga, chepetsa," anatero malumewo atayamba kutsika.

"Malume, magazi athu aja mwaiwala?"

"Magazi akewo ndikufuna akhalebe m'thupi! Gwira buleki!"

"Ali mumtengo, malume."

"Ali kuti?"

Akuchikazi atawaona patali anayamba nthungululu. Amayi anayala zitenje pansi. Njinga inafika pakhomo paja, n'kudutsa. Nthungululu inathera m'malere, makosi onse akutembenukira kumunsi.

"Tafika, takupezani!" anakuwa a Namaona, poti anali munthu waulemu, mawu akunka nazilala.

Kumapeto kwa mtsetsewo kunali dziwe loweteramo nsomba. Phava! Tambala anauluka n'kulowa m'munda wa tiyi, osaonekanso. Malume anavuuka ndi matope mpaka m'makutu, nsapato imodzi itatsalira pansi. Lufeyo anatuluka dzino lili m'manja.

Anthu onse a pachinkhoswe anatsikira kudziweko, Esinala ali patsogolo.

"Esinala wanga, usandiweruze," anatero Lufeyo. "Ndi chibadwa. Afunse mayi Chapola."

Mayi Chapola analipo, poti anaitanidwa. "Ukanandilola kumaliza, ndikanati amene akudziwa kuti mabuleki a m'mutu mwake ndi ofooka, a panjinga amamanga kawiri."

Esinala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye mawa udzanyamule mwana wanga, n'kudzandiuza kuti ndi chibadwa? Takudikira kuyambira m'mawa. Wabwera ngati mphepo, koma pakhomo pathu sunapondepo."

Chinkhoswe chinathera pomwepo.

Tsono inu, musandiuze za magazi a bambo anu. Magaziwo ndikuwadziwa bwino, ndimakhala nawo nyumba imodzi, ndipo sindiwagonjera. Mwatengera mphuno zawo, chabwino, koma njinga iyi sichoka pakhomo pano mpaka nditayesa ndekha mabuleki onse awiri. Paja Esinala, pobwerera kukwera mtunda uja, anasiya mawu amene tikunenabe mpaka lero: "Kuthamanga si kufika."