Nkhuku Yanga ndi Kalasi ya Sayansi

Lolemba
Ine ndikunena, mwana wanga Enelesi akulemba. Dzanja lake ndikuliyang'anitsitsa, chifukwa mawu anga ndi ochepa koma cholembera chikuyenda kwambiri. Nkhani ndi iyi: masamu wakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwake, koma kusukulu akumuika m'kalasi yophika ndi kusoka. Ati sayansi ndi ya anyamata. Alipo amene wamudyera mpando, sizingachitike zokha. Mawa ndikupita kwa ahedi. Zonyamula: jekete, khadi la chipani, thadzi lamawangamawanga. Kwathu munthu wamkulu sapitirako chimanjamanja.

Lachiwiri
Ahedi kulibe, ati apita kukalandira alendo kubwalo la ndege. Kalaliki akulandira nkhuku ndi manja awiri: "Siyani, ba tate, tizabasungila." Waiyesa kulemera kawiri. Sindikumukhulupirira!

Lachitatu
Ahedi alipo, koma ati ali pamsonkhano. Ine ndikumva masupuni m'makapu. Pakhonde ndikumana ndi mphunzitsi wa sayansi: "Mipando ni ing'ono, siikwana, mudala. Futi bakazi bamayopa moto." Moto! Mwana amene wakhala akukoleza mbaula chiyambire mano asanaguluke! Ndazungulira kuseri kwa ofesi. Nkhuku sikumveka.

Lachinayi
Amene ndikuwakayikira muno mu Matero: kalaliki. Mphunzitsi uja, poti mphwake ali m'kalasimo. Tcheyamani wa chipani, amene akuti mtsikana akaphunzira kwambiri amuna amathawa, pomwe mwana wake wamwamuna sanakwatire. Mkazi wanga, amene chiyambire dzana akungoti nkhuku ija inali kuikira. Enelesi akuseka. Nayenso alembe dzina lake pamenepo.

Lachisanu
Enelesi wabwera manja akununkha anyezi. Alendo a ahedi afika pasukulu, ndipo kalasi yophika yauzidwa kuti ikonze chakudya. Ndiwo yake nkhuku. Yamawangamawanga! Waizindikira, waisosola yekha, waiphika yekha. Vuto la mwana ameneyu, chinthu sadziwa kuchichita moipa.

Loweruka
Kalaliki wandipeza pamsika, mano onse pamtunda: "Ba hedi banyambita na mbale! Bakuti uyu mwana tisamuchose ku kichini, ni mphaso." Ndamufunsa Enelesi kuti sakanaipsereza bwanji. Akuti anayeza madzi, mchere ndi nthawi, ndiye sikanapserera. Ndanyamula ndekha nkhuni zoti anditenthere!

Lamulungu
Kutchalitchi sindikuimba. Enelesi akuti mphunzitsi wa sayansi akufuna mtsikana wotsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi anyamata akamaphunzira, ndipo iye wavomera kale. Ati manja azitsuka, makutu azimva. Ine mphamvu zandithera, ndangoti chabwino. Kope abise m'chitenje, aime pafupi ndi bolodi. Ndipo ulendo uno asachite changu. Botolo limodzi, phunziro lonse.